Mapiko a Lufeyo

1.
Wolakwa ndi a Sitifano Chikopa, mkulu wa gulu la zisudzo la Tiyese. Anabwera pa maliro a Lufeyo, analira kuposa abale, pochoka n'kunyamula mapiko a malemuyo amene anali kuseri kwa chitseko. Zovala za malemu zisanagawidwe. Mkazi wake Edesi akadali m'zakuda.

2.
Lufeyo ankasewera kamzimu. Osati mzimu wa kumanda ayi. Kamzimu ka m'maluwa, kotsika pa chingwe kuchokera kudenga la holo kudzapatsa amphawi zofuna zawo. Bambo wandevu, wa ana anayi, m'kadiresi.
Zida zake:
mapiko a waya, okutidwa ndi velo ya ukwati wa Edesi
kandodo, eriyo ya wailesi yakufa
ufa kumaso
kansalu m'thumba
chifuwa.

3.
Kamzimu sikatsokomola.

4.
Edesi anawapeza a Chikopa pakhomo pa holo.
A Chikopa, mapiko aja.
Alamu, takhalani pansi kaye.
Sindinabwerere mpando. Loweruka akubwera akuchimuna kudzagawa zovala. Anena kale kuti kakasowa kanthu kamodzi sandisudzula. Zakudazi ndivula liti?
Alamu, mapiko aja ndi a gulu. Luso silifa.
Luso! Velo ija munakwatitsa nayo ndinu?
A Chikopa anangoseka, kuseka kwa munthu wokhuta.

5.
Lachisanu masana Edesi analowa m'holo n'kukhala kumbuyo ndipo chingwe chinalira kudenga ndipo anatsika Yotamu wometa anthu pamsika uja atavala mapiko amene Edesi anasoka ndi zala zake ndipo asanayankhule liwu lililonse anagwira pamtima n'kuwerama n'kutsokomola kho kho kho n'kulavulira m'kansalu n'kukayang'ana n'kukabisa msangamsanga ndendende mmene ankachitira Lufeyo ndipo holo yonse inagwa nacho chiseko amayi akumenyana pamsana abambo akupukuta misozi wina akukuwa bwerezanso bwerezanso ndipo Yotamu anabwerezadi

6.
Kamzimu sikatsokomola.
M'sewerolo munalibe chifuwa. Chinabwera chokha chaka chatha, Lufeyo ali pa chingwe. Anthu anaseka. A Chikopa anati, chisiyeni, ndi chimene chikudzaza holo.
Kunyumba Edesi ankati, a bambo a Nele, siyani zimenezi, tiyeni kuchipatala.
Lufeyo ankati, Ede, sunamve m'manja muja? Tidzapita sewero likatha.

7.
Edesi anakwera pa siteji, zakuda zake zili bii.
Mwana iwe, vula.
Mayi, tili pakati pa sewero, anatero Yotamu monong'ona.
Vula ndisanakuvule ndine.
Anthu anayesa ndi sewero lomwelo. Mfiti yalowa! Mfiti yalowa! Anawomba m'manja. Edesi anadula zingwe za mapiko ndi mano. A Chikopa anasuzumira kuseri kwa nsalu, osati kudzamuletsa ayi, koma kudzamuuza kuti, alamu, mawa mubwerenso, mwachita bwino zedi.

8.
Zitsiru.

9.
Loweruka mapiko anagonekedwa pa mphasa, pakati pa jekete ndi nsapato. Jekete inapita. Nsapato zinapita. Malume ake a Lufeyo ananyamula mapiko aja ndi zala ziwiri.
Nanga izi atenga ndani?
Anatembenukira kwa Edesi.
Ndi anu omwe, mayi. Vulani zakudazo, mwamasuka.

10.
Edesi ndine. Kansalu kaja ndinkachapa ndine, madzi n'kufiira, ndipo sunali utoto wa zisudzo. Mwamuna wanga ankafa pa chingwe chija pamaso panu, inu muli gadaa pa mabenchi ndi chimanga chokazinga m'manja. A Chikopa ndathana nawo. Kwatsala inu. Inuyo amene mukuwerenga, munalipo, mano anu ndinawaona. Kamzimu sikatsokomola. Ndiye munkaseka chiyani? Ndiyankheni.