Nkhope Yokhota ya Zrinka

Zrinka anadzuka Lachiwiri m'mawa n'kupita kukatsuka m'kamwa monga mwa masiku onse. Atati achukuche, madzi anangoyenderera pachibwano mpaka kunyowetsa malaya. Anayang'ana pagalasi. Mbali ya kumanzere ya nkhope yake inali italendewera ngati nsalu yonyowa. Diso silinkaphethira, ndipo atayesa kumwetulira, milomo yonse inathawira kumanja.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'mudzi mwawo, kumtunda kwa tauni ya Sinj, panalibe wotsutsa kuti mwana wa Nevenka ndi chiphadzuwa. Mwini wakenso ankadziwa. Anthu anayamba kumuuza zimenezo asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

Mayi ake anathamanga naye kuchipatala ku Split. Dokotala anamuuza kuti akwinye pachipumi, atsinzine, aimbe likhweru. Zonse zinakanika.

“Musaope, si sitiroko,” anatero dokotalayo. “Mtsempha wa kunkhope watupa. Ambiri amachira, koma zimatenga milungu, ena miyezi.”

“Nanga pofika Lamlungu likubwerali?” anafunsa Zrinka, mawu akutuluka ngati walumira mbatata yotentha.

Dokotala anapukusa mutu.

Lamlungulo kunali ubatizo wa Tonka, khanda la msuweni wake Vedrana, ndipo Zrinka ndiye anasankhidwa kukhala mayi wa ubatizo. Diresi lobiriwira linali kale pakhomo la kabati.

Atafika kunyumba anapeza azakhali ake a Kata atakhala kale kukhitchini.

“Ndi mphepo imeneyi! Ndakhala ndikunena ine, tsitsi lonyowa, mawindo mbali zonse pululu!” Kenako anatsitsa mawu, koma osati mokwanira. “Komanso Mulungu amadziwa kutsitsa odzikweza. Mwana tsiku lonse pagalasi, pafoni, kudzijambula ngati wasowa chochita.”

“Alamu, khofi wanu akuzizira,” anatero Nevenka mouma.

Koma mawuwo anali atalowa kale. Zrinka anadzitsekera kuchipinda, n'kuphimba galasi ndi thaulo. Anzake akaimba foni sankayankha. Ankagwada m'mbali mwa bedi kumulonjeza Mulungu zinthu zambirimbiri: kuti asiya zodzola, ameta tsitsi, mwinanso adzakhala sisitere, bola nkhope ibwerere. Kukacha ankasuzumira kuseri kwa thaulo, n'kupeza zili pomwepo.

Lachisanu anadzikulunga mpango mpaka m'mphuno n'kupita kwa Vedrana, kudzera njira ya m'minda ya mphesa kuti asakumane ndi munthu. Anapeza Vedrana akupyapyalitsa mtanda wa soparnik, chitumbuwa cha kwawoko, ndiwo zamasamba zoika m'kati mwake zili mbwee patebulo, mwana ali mtulo m'kabedi kake pafupi ndi mbaula.

“Vula chimpangocho ndikuone,” anatero Vedrana.

Zrinka anavula. Vedrana anamuyang'anitsitsa osathawitsa maso.

“Eee, yakhotadi. Zikupweteka?”

“Kuseri kwa khutu kokha. Asisi, ndabwera kudzakuuzani kuti mupeze wina. Ndingakuonongereni zithunzi.”

“Zithunzi?” Vedrana anaika pansi mtengo wopyapyalitsira. “Iwe, ukuganiza kuti ndinakusankha chifukwa cha zithunzi?”

Kunena zoona, ndi zimene Zrinka ankaganiza. Anali asanaganizepo kuti munthu angamufune pa chifukwa china.

“Khala pansi, chitsiru iwe. Ukukumbuka chaka chatha, mimba itayamba kuoneka, bambo wa mwanayu atapita ku Jeremani n'kungoti zii? Ndinalowa m'tchalitchi, ndinakhala pabenchi. Amayi onse anayamba kusuntha mmodzimmodzi ngati ndili ndi mphere. Benchi lonse ndekha. Anabwera kudzakhala nane ndani?”

“Ndinachedwa tsiku limenelo. Malo analipo ndi okhawo.”

Vedrana anaseka mpaka kugwira tebulo. “Chabwino, tsiku loyamba unachedwa. Nanga Lamlungu linalo? Nanga dzinja lonse? Tsiku lija ndinasanza kuseri kwa tchalitchi, anandigwirira tsitsi ndani, nsapato zake zatsopano n'kuipa?”

“Nanga ndikanakusiyani?”

“Ena onse anandisiya, Zrinka. Ndi nkhope zawo zowongoka bwinobwino.”

Zrinka anayang'ana pansi. Zinthu zimenezo sankaziwerengera n'komwe. Kenako anafunsa chimene chinamudya sabata yonse.

“Azakhali akuti ndi chilango. Akuti ndimanyada.”

“Kunyada umanyadadi, usakane. Umadutsa pawindo la sitolo ngati ukupereka moni kwa mfumukazi. Koma Mulungu akanakhala kuti amakhotetsa pakamwa pa aliyense wolakwa, azakhali akowo bwenzi akumwera khofi kukhutu.”

Zrinka anaphulika kuseka, kuseka kwa mbali imodzi, malovu n'kudontha. Anafuna kubisa ndi dzanja koma Vedrana anamugwira mkono.

“Inenso anandiuza za chilango,” anapitiriza Vedrana, tsopano mofatsa. “Ndinapita kwa bambo mfumu ndikulira. Anandiuza kuti Mulungu si mnansi wosuzumira pampanda. Iye amayambira m'kati, kumene anthufe sitifikako, ndipo chimene wachipeza chokongola kumeneko sichichita makwinya. Lamlungu sadzakufunsa za milomo. Adzakufunsa ngati udzandithandiza kulera mwanayu m'chikhristu. Ine ndikufuna Tonka adzakule akudziwa kukhala pafupi ndi munthu amene ena amuthawa. Zodzola adzaphunzira yekha.”

Apo Zrinka analira, ndipo anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni umene anausenza osadziwa. Anapuma mpweya wautali, woyamba chiyambire Lachiwiri. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira nawo.

“Ona, mwayamba kale kugwirizana,” anatero Vedrana. “Munyamule, manja anga ali ndi ufa.”

Lamlungu Zrinka anavala diresi lobiriwira lija, mpango anausiya pakhomo. Polowa m'tchalitchi mitu inatembenuka, manong'onong'o anayenda m'mabenchi. Koma Tonka anali m'manja mwake, wofunda, wolemera, ndipo panalibe dzanja lotsala lobisira nkhope.

Bambo Stipe, wansembe wokalamba amene khutu lina linali litagontha, anafunsa Zrinka ngati akukana Satana.

“Ndikukana,” anayankha Zrinka, koma mawuwo anatuluka ophwanyika.

“Mwati bwanji?”

“Ndikukana!” anakuwa, mpaka mawu anabwerera kuchokera kudenga.

“Ameneyo wamva ndithu,” anatero wansembeyo, ndipo tchalitchi chonse chinaseka, ngakhale azakhali a Kata. Kunali kuseka kwabwino, kopanda minga.

Kumadyerero, nyama ya nkhosa ikuwotchedwa mozungulira pamakala, azakhaliwo anabwera ndi mbale ya nyama imene anaiduladula ting'onoting'ono kuti isavute kutafuna. Sanapepese. Anangoti, “Idya, waonda,” n'kukatseka windo limene linali kumbuyo kwa Zrinka.

Zrinka anabwerera kusukulu sabata yotsatira. Ena anamuseka, mnyamata wina amene ankamulondalonda anayamba kudzera khomo lina, ndipo zinamuwawa masiku angapo. Koma anapeza kuti anzake enieni analipo, ena mwa iwo atsikana amene kale sankawapatsa n'komwe moni.

Mphesa zitayamba kupsa, tsiku lina masana akusintha Tonka thewera, anamva kachinthu kakugwedera pakona ya mlomo, ngati nyerere ikuyenda.

“Asisi! Bwerani mudzaone!”

Vedrana anathamanga, anayang'ana, n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

“Ukugwedezeka! Ambuye alemekezeke. Thamanga ukawauze amayi ako.”

“Ndipita,” anatero Zrinka, misozi ili m'maso. “Tandipatsirani kaye thewera lina, uyu wayambiranso.”