Tsiku Limene Lighton Anatulutsa Mipando

Kuseri kwa nyumba ya a Amos Tembo ku komboni ya Ipusukilo kunali kachipinda kamalata komwe anthu awiri ankalimbirana. Mwana wawo Lighton ankakatcha situdiyo, poti ndi mmene ankajambuliramo zithunzi zake za utoto. A Amos ankakatcha khola, ngakhale nkhuku inali isanapondemo. Bambowa anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka makumi awiri, ndipo kwa iwo ntchito yosatulutsa thukuta inali masewera. Zithunzi za mwana wawo anali asanaziyang'anepo ngakhale ndi diso limodzi.

Atatopa ndi kukangana anapangana chimodzi. Loweruka Lighton achite chionetsero m'nyumba yaikulu. Akabwera anthu khumi kudzaona zithunzizo, kachipindako n'kake. Akapanda kukwana, Lolemba mulowa anapiye.

"Teni, osawerengera ana na oledzera," anatero a Amos, ndipo Loweruka m'mawa anakwera minibasi kupita kumunda kwawo ku Garneton. Foni anaiiwala pawindo.

Lighton anali atapitako ku Ndola, kunyumba ina yakale yosungiramo katundu yomwe ojambula anaisandutsa malo oonetsera zithunzi, ndipo anabwerako ndi nzeru imodzi: chithunzi chimafuna chipinda chopanda kanthu. Choncho anatulutsa sofa, tebulo, kabati ndi wailesi, n'kuziunjika pambali pa nyumba. Anabwereka tenti kutchalitchi kuti alendo asapse ndi dzuwa. Anakoleza mbaula ya tiyi pabwalo. Zithunzi zake anazipachika m'makoma onse. Pakhoma loyang'anana ndi khomo anapachika chithunzi chachikulu cha bambo ake, atavala chisoti cha mumgodi, chomwe anachijambula mobisa miyezi inayi. Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, ndiye anayatsa makandulo awiri pansi pake. Pomaliza anavala malaya akuda, chifukwa ojambula a ku Ndola onse amavala zakuda.

Mnyamata wophunzira chonchi anaiwala chinthu chimene ngakhale agalu a ku Ipusukilo amachidziwa. Mipando imatuluka m'nyumba pa zifukwa ziwiri, kusamuka ndi maliro, ndipo wosamuka sakhoma tenti. Sofa ija inali itatulukapo kamodzi kokha, tsiku limene anamwalira mayi ake, a Philomena.

Woyamba kuona anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe anthu ankamutcha bana Gwen. Anasuzumira pakhomo, anaona chithunzi ndi makandulo, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kulira ali pomwepo.

"Amayi, iyi ni ekizibishoni chabe," anatero Lighton, kunena chionetsero chija.

"Usakambe, mwana wanga," anatero bana Gwen, n'kumutseka pakamwa ndi dzanja lonunkha sopo. "Usakambe. Tili pano."

Pasanathe ola limodzi amayi anali atadzaza m'nyumba, atakhala pansi motsamira makoma, miyendo atatambasula. Amuna anakhala mutenti, aliyense akamafika n'kumugwira Lighton dzanja ndi manja awiri, amvekere, "Mwalosheni mukwai," mawu a Chibemba opepesera anamfedwa. Kunabwera ufa, kabichi, nkhuni. Munthu wina wokayikira anaimba nambala ya a Amos, foni n'kulira pawindo yokhayokha, ndipo kulira kwa amayi kunakwera mpaka kumsika.

Apa Lighton akanayenera kukwera pa sofa n'kunena zoona, ndipo iye ankadziwa. Koma anali atawerenga mitu. Inali makumi anayi ndi isanu, popanda mwana, woledzera mmodzi yekha. Ndipo anthuwo ankayang'ana. Pa maliro munthu sathamangira kwina, maso amasowa kopita, ndiye anatera pa zithunzi. Mayi wina anazindikira tebulo lake la tomato pa chithunzi cha msika, n'kufunsa m'kati mwa misozi chifukwa chake anam'jambula wonenepa. Mdala wina amene anagwira ntchito ndi a Amos analowa m'nyumba, malo a amayi, n'kuima pamaso pa chithunzi chachikulu chipewa chili m'manja.

"Na chipsera cha pa chala wachiika," anatero. "Mwala uyo unamugwera nili pafupi. Ni yeve uyu."

Lighton anasangalala, ndipo anachita manyazi ndi chisangalalocho. Anangothira tiyi.

A Amos anatsika minibasi dzuwa litapendeka, thumba la repu lili paphewa. Atakhota pa ngodya anaona tenti, utsi, sofa yawo ili panja, n'kumva kwaya ikuimba nyimbo yomwe anaperekezera mkazi wawo. M'nyumbamo ankakhalamo anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali iwowo, ndiye malirowo akanakhala a ndani? Thumba linagwa. Anakumbukira kuti mawu omaliza amene anamuuza mwana wawo anali a oledzera ndi nkhuku.

Anathamanga mpaka pa tenti. Amuna atawaona anamwazika, wina anathawa ndi mpando womwe. A Amos sanawaone n'komwe. Analowa m'nyumba akuitana dzina la mwana wawo, kwaya inadukira pakati pa mawu, bana Gwen anatulukira pawindo lomwe munthu sangakhulupirire kuti anakwanapo. Pakati pa chipinda panatsala Lighton, ketulo ili m'manja.

A Amos anam'gwira mapewa, anam'gwira kumaso, ngati akusankha chivwende. Kenako anam'menya khofi limodzi labwino, n'kukhala pansi pa simenti kupuma.

Atakweza mutu anakumana ndi nkhope yawo pa chithunzi chija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, poti ndiwo zinali zitapsa kale ndipo chakudya cha pa maliro sichibwezedwa. Anaunjikana pakhomo kuonerera womwalira akudziona.

"Nimaoneka wolema so?" anafunsa a Amos.

"Mukabwera ku munda, atate. Mukaganiza kuti palibe amene akuonani."

A Amos anayang'ana chala chawo, n'kuyang'ananso cha pakhoma.

"Analira bwino?"

"Analira maningi. Bana Gwen mawu anatha."

"Aba bonse anabwerera ine, osati iwe," anatero bambowo. "Ukawerenga bwino, wako palibe na mmodzi."

Lighton anaika ketulo pansi. Zinali zoona, ndipo m'mutu mwake anayamba kale kuchotsa mabulashi m'kachipinda kaja.

A Amos anadzuka movutikira, anapita pakhoma, n'kuzimitsa makandulo aja ndi zala.

"Nkhuku zizankhala ku Garneton," anatero, osatembenuka. "Koma ichi usagulitse. Uchisunge mu situdiyo mwako, pouma. Tsiku mipando ikazatuluka zoona, uzachipachike pamene apa, uzayatsenso."