Loko wa Malemu pa Swichi

Moni, owerenga okondedwa. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi zala zathu zonse khumi.

Kapitawo wa kufakitale ya makatoni anali asanamalize kupepesa maliro pamene bambo aang'ono anayamba kuponya maso pa ovolosi ya malemu imene inali pamsomali. Linali tsiku lachitatu chiikireni mkulu wawo, makaniko wa pafakitalepo, amene anakomoka ntchito ili pakati osadzukanso.

"Makina odula aja angoima," anatero kapitawo. "Kwathu makaniko akamalowa m'makina amakhoma swichi ndi loko wake, wina satsegula. Loko wa malemu akadali pomwepo. Bwana akuti wa m'banja muno wodziwa ntchito abwere ndi kiyi mawa. Makina akadzuka, malo a malemu ndi ake."

Kasipanala, mwana wamkazi wa malemu, anatchera khutu. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake chifukwa ali wakhanda ankakwawira m'bokosi la zitsulo. Satifiketi yake ya umakaniko inali m'sutikesi chaka chachitatu tsopano. Kulikonse ankamuuza kuti akufuna munthu wa zaka zisanu pantchito, ngati zakazo amagula pamsika.

Anaimirira, koma bambo aang'ono anali atapisa kale m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kiyi uja.

"Amene apite ndi mlongo wakoyu," anatero, akuloza mwana wawo wamwamuna amene ankasewera ndi foni.

"Bambo, achimwenewa ngakhale tcheni cha njinga chimawakanika."

"Tamumvani! Mkulu wanga anakulakwira, anakulera ngati mnyamata. Mwamuna wanji angakwatire manja onunkha girizi? Pepala lakolo ukakolezere mbaula."

Kasipanala anayang'ana amayi ake. Iwo anangoti, "Usakangane ndi bambo ako, dothi lisanaume," maso ali pansi.

M'mawa Kasipanala anawatsatira chapatali mpaka kufakitale. Mlonda anamulowetsa poona zovala zakuda.

Mchimwene uja anatsegula loko, n'kumuponya m'mwamba ngati ndalama. "Ntchito yake ndi yomweyi? Ndiye bambo aakulu ankangodya zaulere!"

Mayi wina woyendetsa makinawo anali ataima kale kutsogolo kwa mpeni, makatoni ali m'manja. Apo Kasipanala anaona kansalu koyalidwa pansi pa makina. Bambo ake akamamasula chinthu ankandanda mabawuti pansalu motsatana, ndipo sankachotsa loko nsaluyo isanatsale yopanda kanthu. Panali mabawuti anayi aakulu. Gudumu la mpeni linali longokolekedwa.

Mdyerekezi sachedwa kunong'ona. Kasipanala akangokhala chete, makina aphwasuka, mchimwene athamangitsidwa ngati galu wakuba, ndipo onse adziwa amene anayenera kuitanidwa. Koma mayi uja anali ndi manja awiri okha, ndipo anali atawatambasula.

"Musayatse!" anakuwa. "Achimwene, chotsani dzanja!"

Analanda lokoyo, nakhomanso swichi, kiyi n'kuyika mkamwa. Anatola sipanala, nalowa chagada pansi pa makina ndi diresi yake yamaliro. Anamanga mabawuti mopingasa, lino kenako la kutsidya, kuti gudumu lisapendame. Anayeza, namasula pang'ono, nayezanso. Patatha ola anatuluka, natsegula loko, nauza onse kuti aime pambali. Makina analira bwino, mosalala ngati kwaya yokonzekera.

Chitseko cha ofesi ya bwana chitatseguka, bambo aang'ono anatsomphola sipanala m'manja mwake n'kuipatsa mwana wawo. Anapaka chala pa girizi, n'kumusisita nacho patsaya.

"Bwana, magazi sanama! Mnyamata wangayu wawadzutsa."

Bwana anamvetsera kulira kwa makina, nagwedeza mutu mokhutira. "Zoona, kapitawo?"

Kapitawo anayang'ana nsapato zake. Mayi woyendetsa makina anatsegula pakamwa, koma atakumana ndi diso la kapitawo anatola katoni.

"Ayambe Lolemba," anatero bwana. "Nanga uyu?"

"Mwana wa malemu," anatero bambo aang'ono. "Chisoni chamusokoneza, angogubuduka pansi. Taona diresi yako, iwe! Ulibe manyazi?"

Ngakhale Esau anapatsidwa mpata wolira pamaso pa bambo ake. Kasipanala anangouzidwa kuti alendo saloledwa pafupi ndi makina.

Asanatuluke, anapita kumbali kwa mota, naika kuseri kwa dzanja lake pachitsulo, monga mmene bambo ake ankachitira pamphumi pa mwana aliyense wa pamzere wa nyumba zawo akamva kuti wadwala. Anadikira kamphindi.

"Achimwene," anatero motsitsa, "ikatentha kuposa apa, muzizimitsa. Musamadikire kuti inunkhe."

Mchimwene uja sanadzutse mutu.

Wowerenga wanga, Ambuye amene amaona zochitika pansi pa makina asunge manja ako, ndipo ntchito yako ikadyedwa ndi wina, akusungirebe mtima wosadetsedwa. Ameni.