Kagalasi ka a Bauleni

Gilbert anali atakulunga kale kagalasi ka bambo ake m'chisanza pamene mayi ake, a Esinala, anamugwira mkono.

"Ukupita nako kuti?"

"Kukaponya mu Shire, mayi. Bambo tawaika, kumeta tameta. Zamagalasizi zithere pomwepa."

Gilbert sanali mwana wamwano, anali ndi mantha basi. Ku Marka kuno Mozambiki ali pafupi kwambiri, ndipo anyamata a chipani anali atafunsapo kale kuti kodi nkhalamba yophethiritsa galasi pachulu m'mawa uliwonse ija imalankhula ndi yani kutsidya. Nkhalambayo, bambo ake a Bauleni, anthu ankangowasiya poti nkhondo ya ku Burma idawasokoneza mutu. Nanga Gilbert, wamutu wabwinobwino, wantchito yake kuminda ya nzimbe ku Nchalo, akanamusiya ndani?

Za nkhondoyo malemuwo sankakamba zambiri. Sadali mkulu wa asilikali ayi, ntchito yawo idali yotumiza mauthenga. Waya wa lamya ukaduka m'nkhalango, ndiwo ankakwawa chafufumimba kukaulumikiza, zipolopolo zikudutsa pamwamba. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankabwereza mpaka ana kutopa nacho: munthu akakuitana umuyankhe, chifukwa kunkhondo kukangoti zii ndiye kuti anzako atha.

"Tayang'ana uko," anatero a Esinala.

Kutali, pakati pa mabango a m'dambo, kuwala kwina kunkaphethira. Kuyaka, kuzima, kuyaka motalikirapo, kenaka kudikira.

"Ndi a Simoni amenewo, anzawo a bambo ako a ku Burma. Amakhala pachilumba paja, miyendo idafa kalekale. Uthenga wa maliro mudatumiza ku Ngabu, ku Maseya, konsekonse. Kwa iwowa adapita ndani?"

Gilbert anazyolika. Palibe adapita. Ndiye kuti chigonere cha bambo ake, munthu ameneyu wakhala akuitana m'mawa uliwonse, kuno kuli chete.

"Ndipita mawa pabwato, mayi. Koma galasi ayi. Anthu ali ndi maso."

"Nkhabe, sizitheka. Munthu akuitana lero, iwe ukuti mawa? Patse kuno, ndikwera ndekha."

"Nanga kalankhulidwe kake mumakadziwa?"

"Sindikadziwa. Koma iwo amadziwana dzanja. Akangoona kuti dzanja si la bambo ako, amva zonse."

Gilbert anayang'ana kumsewu, nayang'ananso mayi ake akuyesa kukwera chulu. Manyazi anamugwira kuposa mantha. Anawatsitsa bwinobwino, nakwera yekha.

Pamwamba pa chulupo anapeza timaenje tiwiri tosalala, pomwe zidendene za bambo ake zidadya nthaka m'zaka zonsezi. Anapondamo. Anatchera dzuwa ndi kagalasiko, nakagwedeza mwachisawawa, osadziwa chimene akunena.

Kuwala kwa m'dambo kunazima.

Padapita nthawi. Kenaka kunabweranso, koma tsopano kosaphethira. Kunadutsa dambo lonse lija nkudzaima pachifuwa pa Gilbert, njii, ngati munthu wamuika dzanja pamtima. Iye ankayesa misala, pomwe amuna awiriwa ankadzutsana tsiku ndi tsiku chibwerere kunkhondo, wina kutsimikizira mnzake kuti akadali moyo.

Kuwalako kutazimanso, a Esinala anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Amva," anatero chapansipansi. "Koma ndimawadziwa. Mawa aitananso."

Gilbert anatsika pachulu paja. Anataya chisanza chija, napukuta kagalasiko pamalaya ake, nkukaika m'thumba la pachifuwa, mmene bambo ake ankakasungira.