Mbuzi Imene Inayamwitsa Kazungula

Kuyambila ku Nyimba mpaka ku Petauke, funsani aliyense, kulibe m'busa woposa agalu a aBenson Daka. Safuna malipilo, sadwala mutu Lolemba m'mawa, sapempha tchuthi kuti akaone chibwenzi. Mbuzi imene yatuluka nawo m'khola m'mawa imabwela nawo madzulo.

Nzelu imeneyi aDaka sanaitole ku Minga kumene amakhala. Anayendetsa malole zaka zambili, ku Congo, ku Tanzania, ku Mozambique mpaka ku Botswana, ndipo kumeneko ndi kumene anaona alimi akutenga kagalu kosapenya n'kukaika m'khola kuti kaziyamwa mbuzi. Kagalu kotelo kamakula kakudziyesa mbuzi, koma mbuzi ya mano. Atasiya malole n'kugula mbuzi zawo, aDaka anachita zomwezo, ndipo agalu awo anayi anawapatsa maina a malo amene ankagonako pamzele wa malole.

Kasumbalesa ndi waphokoso. Amauwa nkhandwe, amauwa njinga, amauwa ngakhale tsamba likagwa molakwika, ndipo amayenda m'mbali mwa gulu. Nakonde ndi mbala. Mazila a nkhuku sawasiya, koma ndiye amatsalila kumbuyo, ndipo mbuzi ikapatuka amaibweza ndi kulumako pang'ono pamwendo. Beila ndi waulesi, satuluka n'komwe. Amagona pakhomo pa khola ndi tiana tobadwa kumene, ndipo chiyambile palibe kabawi anatolapo kanthu. Mtsogoleli ndi Kazungula, galu wamkazi wofiila, wosauwa chisawawa. Akadzuka, mbuzi zimadzuka. Akakhota, zimakhota. Nyengo ya dzinja, anthu ena akamamangilila mbuzi zawo pazingwe, za aDaka zimadutsa pakati pa minda ngati ana a sukulu pamzele, molunjika kudambo.

Kazungula anayamwa mbuzi ina yoyela ya nyanga imodzi. Mbuziyo itakalamba n'kuleka kubala, kunabwela wamalonda wina wogula mbuzi zopita ku Lusaka, dzina lake Joshua.

"Atate ake Natasha, yoyelayo musagulitse," anatelo amai Mildred, akazi a aDaka. "Simuona kuti galu uja amagona ataitsamila?"

"Amake Natasha, ine ndayenda," anatelo aDaka. "Galu alibe amake. Ali ndi nchito."

Joshua anaimanga chingwe m'khosi n'kuikoka podutsa njila yachidule, ya m'munda mwa amai Dainess, kupita kumseu waukulu kumene amasonkhanitsila mbuzi podikila lole.

M'mawa mwake aDaka anatsegula khola monga mwa masiku onse n'kubwelela kukamwa tiyi. Kapu isanathe, amai Dainess anali pabwalo, chitenje chili m'manja, mpweya uli m'mwamba. Mayiyu ndi wamasiye, ndipo munda wa nshawa uja ndi umene umaphunzitsa ana ake.

"Bambo Daka, aphunzitsi anu aja apita ndi sukulu yonse m'nshawa zanga!"

"Agalu anga? Amai, mwaona bwino?"

"Ndili ndi maso awili ngati inu. Ndaponya miyala, wakuba mazila uja wandionetsa mano. Zadutsa, zalunjika kumseu."

Atamva mau akuti mseu, aDaka anaika kapu pansi. Iwo amadziwa zimene lole yodzaza imachita potsika pamalo paja. Mabuleki sagwila msanga, ndipo dalaivala saika moyo wake pachiswe chifukwa cha mbuzi. M'khola lija munalowa ndalama zonse zimene anapeza poyendetsa malole. Analiza njinga yamoto osamanga ndi nsapato zomwe.

Njila sinali yovuta kutsata. M'munda mwa amai Dainess munali mpata waukulu ngati mwadutsa ngolo, nshawa zitapondedwa, zina zitazulidwa. Apa ndi pamene aDaka anamvetsa. Kazungula sanasochele. Ankatsata fungo la mbuzi yoyela, ndipo gulu lonse linkatsata Kazungula.

Asanafike kumseu anamva kale Kasumbalesa. Pansi pa mtengo wa mango panali mbuzi za Joshua zomangidwa pazikhomo, ndipo Joshua mwini anali m'mwamba mwa mtengo, atakumbatila nthambi. Kasumbalesa anali pansi pake, akumuuza zonse za kumtima. Kazungula anali atagona phee pambali pa mbuzi yoyela, chingwe atachitafuna mpaka pakati. Mbuzi za aDaka zinali zitaunjikana pamenepo, ndipo pakati pa izo ndi phula pankathamanga Nakonde, uku ndi uku, lilime panja. Lole ya mafuta inadutsa ikuliza hutala. Kambuzi kena kanadzidzimuka n'kulumphila kumseu, koma Nakonde anakagwetsa ndi chifuwa n'kukabweza kakulila.

ADaka anawelenga mbuzi zawo, nawelenganso. Zonse zinalipo.

"Mudala, chotsani zilombo zanu!" anakuwa Joshua. "Wina uyo wadya vitumbuwa vanga vonse!"

"Tsika, mphwanga, tikambilane. Yoyelayo ndikuifuna."

"Nditsike kuti? Munagulitsa mailo, lelo mwatuma asilikali?"

"Ndikupatsa ina."

"Ziwili. Zazing'ono, zonenepa. Ndi mtengo wa mantha anga."

ADaka anayesa kuitana Kazungula. Galuyo anangowayang'ana n'kuikanso mutu pamsana pa mbuzi ija. Anayesa kukankha gulu ndi ndodo, koma mbuzi zinangozungulila n'kubwelela pomwepo, ndipo patali pankamveka lole ina. Munthu amene anakanganapo mitengo ndi anthu a mayiko anayi anavomela ziwili osatsutsa.

Atamasula mbuzi yoyela, Kazungula anadzuka, nadzikutumula, natsogola. Ulendo uno anazungulila munda monga amachitila masiku onse. ADaka ankabwela kumbuyo akukankha njinga, pamodzi ndi Nakonde.

ADaka anapeza amai Dainess ali m'munda, akudzutsa nshawa zimene zikanadzuka.

"Ndamva zonse zapulumuka," anatelo mayiyo osatukula mutu. "Mwayi wanu. Nanga ana anga adya nkhani ya agalu anzelu?"

"Amai, mlandu ndi wanga, si wa agalu. Nenani."

Anayenda limodzi m'mpata muja kuyambila kumtunda mpaka kumunsi. Mayiyo anati pamenepo pamatuluka matumba atatu chaka chabwino. ADaka anati chaka chino si chabwino kwenikweni. Mayiyo anawayang'ana mpaka iwo anati chabwino, atatu.

Kunyumba amai Mildred sananene zambili. Anangofunsa ngati ku Botswana agalu amabadwa m'mazila. Mbuzi yoyela ikadali m'khola mpaka lelo, sibala, sigulitsidwa, imangodya.

Nshawa zitauma, aDaka anakweza matumba pangolo n'kupita nawo okha kwa amai Dainess. Mayiyo anamasula thumba lililonse, napisa dzanja mpaka m'chigongono kuona ngati pansi mulibe makoko okhaokha. Anapeza nshawa zenizeni, matumba atatu odzaza mpaka kukamwa.