Wokwera Wotuwa wa mu Gemu Yoyamba

Pa siteji yathu ya kabaza pa Nsaru, nkhani ya mwezi wonse wa Okutobala inali imodzi: pati thu yatuluka. Si filimu ayi, ndi gawo lachiwiri la gemu ya pafoni ya mpikisano wa njinga zamoto. Dzina lake lenileni ndi lalitali, lachingerezi, ndipo palibe amene ankavutika nalo. Ife tinkangoti gemu ya njinga. Januario, amene amabena nyimbo ndi kutchaja mafoni kuseri kwa benchi yathu, anabwera nayo kuchokera ku tauni Lolemba lina, ndipo pofika Lachinayi anyamata onse anali atayiika m'mafoni mwawo. Onse kupatula ine, Dalitso.

Ndisakunamizeni, pati thu ndi yabwino. Ndinayiyesa pa foni ya Gladson, mnzathu wamtali wa pakamwa posatseka, ndipo zala zinandiyabwa tsiku lonse. Muli mvula, muli matope, muli misewu khumi ndi iwiri, ndipo ukagwa njinga imapindika chiwongolero ngati yeniyeni. Chachikulu n'chakuti anthu asanu ndi mmodzi amalumikiza mafoni n'kuthamanga mpikisano umodzi, uku akutukwanana pa benchi imodzimodziyo. Yoyamba ija ili ndi msewu umodzi wokha, wofiira: makona atatu, kachitunda, mlatho, basi mwafika. Ngakhale mitengo yake imafanana yonse.

Vuto linali foni yanga. Januario atayiona anapukusa mutu.

"Iyi ndi yaing'ono, aise. Ziwiri sizingakwanemo. Tifufute yakaleyi, ndikuikire yatsopano pompano."

Ndinamulanda foniyo ngati wandigwira m'thumba. Anyamata anaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa linakhala Agogo.

Chimene sankadziwa ndi ichi. Foniyo inali ya achimwene anga a Caleb, amene ankayendetsa njinga yomwe ndikuyendetsa ineyi, pa siteji yomweyi. Anamwalira ndi kolera mvula ya chaka chatha chija. Anadwala Lachiwiri, Lachitatu kunalibe munthu. Maliro a kolera mukuwadziwa: thupi linabwera lokulungidwa, azaumoyo ataima apo, ndipo sitinaone nkhope. Amayi anapempha, abambo anapempha mwaulemu wonse wa mphunzitsi wopuma ntchito, koma lamulo linali lamulo. Kwaya ya ku mpingo inangoyimba nyimbo ziwiri, tinabalalika dzuwa lisanafike pamutu. Pogawa katundu, amalume anandipatsa ine njinga ndi foni.

Mu gemu yoyambayo muli wokwera wina wotuwa, wooneka ngati utsi, amene amathamanga nawe nthawi zonse. Anyamata pa siteji ankaganiza kuti ndi wa gemu yomweyo. Ine ndinkadziwa kuti si choncho, chifukwa ndinkawaonera achimwene akusewera pakhonde kunyumba. Gemu imasunga ulendo wa munthu amene anathamanga kwambiri kuposa onse pa foniyo, n'kumaubwereza ndendende mmene anayendera. Wina akamuposa, wakaleyo amafufutika, watsopano n'kulowa m'malo. Ndiye wotuwa uja anali achimwene. Pa kona yachiwiri ankakhula mpanda, monga ankachitira ndi mpanda wa aneba athu a Mathews polowa kwathu. Pa kachitunda ankadumphitsa njinga popanda chifukwa, kungofuna matama. Ndinkawadziwa ngati mmene umadziwira kayendedwe ka m'bale wako ali patali.

Miyezi yoyamba ndinkangowaona msana. Kenako zala zinazolowera, ndinayamba kuwayandikira. Tsiku lina ndinangozindikira kuti ndili patsogolo pa mlatho, mzere womalizira uli apo. Ndinaponda buleki. Anandidutsa, ine n'kumaliza pambuyo pawo. Kuyambira pamenepo ndinkatero tsiku lililonse: tithamange limodzi mpaka pa mlatho, ndiime, adutse.

Kwa oonera pambali, zimenezi zinkaoneka ngati umbuli.

"Agogo, mlatho umenewu unakulakwirani chiyani?" ankatero Gladson, chibwano chili paphewa panga. "Miyezi ingati kodi? Munthu kulephera kamsewu kamodzi! Bweretsa kuno ndikuonetse."

"Usiye."

"Ndiye ukufuna umalize kaye yoyambayi usanayambe pati thu, eti?"

"Eya," ndinayankha choncho kuti andisiye.

Bodza limeneli linandikomera chifukwa linali lalifupi. Zoona zake zinali zazitali, ndipo pa siteji sipokambira za maliro. Gladson anali mnzawo weniweni wa achimwene, anakumba nawo manda, koma chichokereni ku manda kuja ine ndi iye sitinatchulepo dzina lawo ngakhale kamodzi. Amuna timatero. Timati tikulimba mtima, pamene mwina ndi manyazi chabe, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mwezi umenewo sindinkakhazikika. Dzuwa la Okutobala linkaotcha malata a shedi yathu, fumbi lili m'mano, makasitomala ochepa. Anzanga asanu ankaunjikana mitu pamodzi, kukuwa, kumenyana m'mapewa, ndipo nthawi zonse ankasowa wachisanu ndi chimodzi. Ine ndinkakhala kumapeto kwa benchi ndi msewu wanga wofiira. Ndinkanyamuka kukapukuta njinga yoyera kale, kubwerera, kupita kwa Januario kukafunsa zopanda mutu, kubwereranso. Ndinkayifuna pati thu, ndivomere. Kawiri konse ndinafika pakhomo pa Januario foni ili m'manja, n'kungomufunsa ngati kuli nyimbo zatsopano. Ndinkakwiya ndi anzanga chifukwa chosangalala, ndinkakwiya ndi foni chifukwa chochepa, ndipo masiku ena ndinkakwiya ndi achimwene omwe.

Pa siteji yathu pali lamulo limene silinalembedwe paliponse: foni ya pabenchi ilibe mwini. Timanyamula makasitomala motsata mzere, ndipo nthawi yako ikakwana uli pakati pa mpikisano, umasiya foni pa benchi, wina n'kupitiriza. Ukabwerako umaipeza. Palibe anabapo foni ya mnzake, ndipo palibe amapempha chilolezo. Ine ndekha ndi amene ndinkaika yanga m'thumba nthawi zonse, ndipo anyamata ankati Agogo ndi aumbombo.

Tsikulo linali la msika. Batire inali itatsala pang'ono kutha, ndiye ndinalumikiza foni ku chingwe chimene Januario amatulutsira pawindo, n'kumasewera nditakhala pomwepo. Ndinali pa kona yoyamba pamene mayi wina anatulukira akuthamanga, mwana ali kumsana, mutu wa mwanayo uli lende.

"Ku chipatala cha ku Kabudula, bambo, chonde! Mwanayu akukomoka!"

Mzere unali wanga. Ndinaimitsa gemu, kuika foni pansi, kuliza njinga. Mayiyo anakwera asanamange bwino chitenje, ndipo tinanyamuka.

Ndinakumbukira titadutsa kale midzi iwiri. Ndinagwira thumba la kumanja, la kumanzere, la malaya. Foni ili pa benchi, gemu ili yotsegula. Ndinachepetsa liwiro osadziwa, ndipo mayiyo anandigwira phewa.

"Bwanji, bambo? Yawonongeka?"

"Ayi, mayi. Gwiritsitsani."

Ndingabwerere bwanji? Ndikanati chiyani, kuti dikirani kaye ndi mwana wanuyo, ndaiwala gemu? Ndinathamanga kuposa mmene ndinathamangirapo pamsewu umenewo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkathamangira mwanayo kapena foni. Pachipatala anamwino anamulandira mwanayo msanga. Ndinamva akulira m'kati, mayi uja n'kunena kuti, "Walira, walira, Mulungu ngwabwino." Sindinadikire zambiri.

Pobwerera ndinkadzilimbitsa mtima ndekha. Ndinkati batire inali yochepa, mwina yazima. Ndinkati ndani angataye nthawi ndi gemu yakale pamene pati thu ilipo. Ndinkatinso nthawi ya achimwene si yamasewera, ine inanditengera miyezi kuti ndiifike. Koma ndinkadziwa zala za Gladson. Pa pati thu palibe ankamugwira. Bambo wina anandiimitsa panjira ndi thumba la mtedza, ine ndinangomudutsa ngati sindinamuone. Ngolo ya ng'ombe inatseka msewu pa kamlatho kena, ndipo ndinamukalipira mwini wake, munthu wamkulu woti n'kukhala bambo anga.

Nditafika pa siteji, anyamata anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Gladson anali pakati, foni yanga ili m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Agogo, mwamasuka!" anakuwa. "Kanayi kokha! Koyamba ndinagwa, kachiwiri ndinagwa, kachitatu kotuwa kaja kanandipitirira pang'ono, kachinayi ndinakasiya pa mlatho pomwe paja. Miyezi yonseyi ukuvutika ndi kanthu kameneka? Yoyamba yatha, mphwanga. Tiye kwa Januario, lero tikhala sikisi."

Nkhope yake inali yowala. Sankandinyoza ayi. Anali atandichitira chinthu chabwino, ndipo ankadikira zikomo.

Ndinalandira foni, ndinakhala pansi, ndinayambitsa mpikisano. Wotuwa anatulukira pambali panga monga mwa masiku onse, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina palibe chasintha. Pa kona yachiwiri anadutsa pakati penipeni, mwaukhondo, osakhudza mpanda. Pa kachitunda sanadumphe. Ndinasiya kukanikiza, njinga yanga inaima pakati pa msewu, iye n'kumapita mpaka kuzimiririka.

"Waona mmene ndakhotera apo?" anatero Gladson. "Kakale kaja kankataya nthawi ndi kudumpha."

"Anali achimwene aja," ndinatero.

"Ati?"

"Wotuwa uja. Si wa gemu. Gemu imasunga amene wathamanga kwambiri. Unali ulendo wa a Caleb, womaliza umene anapambana. Ine ndinkaima dala pa mlatho."

Kuwomba m'manja kunali kutatha kale, koma tsopano ngakhale wailesi ya Januario inamveka ngati yaphokoso kwambiri. Gladson anayang'ana foni, anayang'ana ine. Kenako anandilanda foniyo n'kuthamangira pawindo.

"Januario! Bweza. Pali njira yobwezera, eti? Iwe umadziwa zinthu izi. Bweza za m'mawa."

Januario anaitenga, anakanikiza apa ndi apo nthawi yaitali ndithu, kuposa mmene zinkafunikira. Ndikuganiza kuti ankadziwa yankho asanayambe.

"Imasunga umodzi wokha," anatero motsitsa mawu. "Wakale ukapita, wapita."

Gladson anabwerera pang'onopang'ono. Anakhala pansi, osati pa benchi koma pa fumbi, pafupi ndi mapazi anga, munthu wamtali ngati uja. Anavula chipewa. Anzathu ena aja, mmodzimmodzi, anavulanso zawo.

"Kudumpha kuja," anatero. "Ndinakaona kakudumpha pa chitunda, ndinaseka. Ndinati kopusa aka. Ndathamanga naye kanayi, Dalitso. Kanayi konse ndili naye pambali, osamuzindikira."

Ndinkafuna kumukwiyira. Njira yonse yochokera ku Kabudula ndinali nditakonza mawu oti ndimulase nawo, ena oti sakanandikhululukira. Koma iye anali ataona kanayi kokha chimene ine ndinachiona tsiku lililonse kwa chaka ndi miyezi, ndekha, kumapeto kwa benchi, anzawo a achimwene ali pomwepo. Chinandipweteka kwambiri n'chimenecho.

"Bwanji sunanene?" anafunsa.

Misozi inangoyamba, pamaso pa anthu onse a tsiku la msika, ndipo sindinaibise. Gladson naye analira, mokweza, ngati mmene tikanalirira tsiku lija akanatilola kuona nkhope. Azimayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kumatiyang'ana. Mmodzi anabwera kudzafunsa kuti kwagwa zovuta kodi, ndipo Januario anamuyankha pawindo kuti eya, mayi, koma ndi zakale.

Bambo wina wa chikwama anaima patsogolo pa siteji n'kufunsa amene ali pamzere wopita ku Namitete. Anafunsa kawiri. Njinga zisanu ndi imodzi zinali pomwepo, makiyi ali m'malo mwake, koma palibe anadzuka. Anadikira pang'ono, kenako anawoloka msewu kukafuna kabaza wa njinga yakapalasa.