Asintha Chilango cha Achimwene

Telala anali pakati popinda diresi ya kasitomala pamene mlamu wake analowa mushopu ali wefuwefu, foni ili m'manja.

"Alamu, asintha! Loya wangoimba kumene. Achimwene awasinthira!"

Mwamuna wa Telala, dalaivala wa lole, anali kundende chifukwa chogwetsa mpanda wa sitolo ya eni ake ndi galimoto yopanda mabuleki. Apilo yake inali itakhalitsa moti onse anali atatopa kufunsa.

Telala anaimirira, singano ili pakamwa. "Awasinthira kuti? Kundende ina? Mayo ine, ndizikawaona bwanji kutaliko?"

"Sanatero ayi. Angoti asintha, kenako foni yanga yathima."

Apongozi ake, amene ankamuthandiza kusokerera mabatani pakona, anawomba m'manja. "Kusinthatu ndi kusinthana! Wina atuluke, wina alowe. Iwe ulibe mkazi, ukalowe m'malo mwa mkulu wako."

"Amayi! Munandibereka kuti ndikhale tayala la sipeya?"

"Umadya kwambiri iwe. Akakudyetseko ena, ine ndipume."

Telala sanaseke nawo. Anatenga foni yake, koma chifukwa cha phuma anaimbira munthu wina wosamudziwa. Atayesanso, loya anayankha, ndipo onse atatu anagundanitsa mitu kuti amve.

"Mayi, mvetsetsani," anatero loyayo. "Mlandu sunafafanizidwe. Woweruza wangosintha chilango. M'malo mokhala kundende, bambo azigona kunyumba, masana azikasesa ndi kutchetcha udzu pachipatala mpaka miyezi yotsalayo ithe. Mukawatenge lero lomwe, maofesi asanatseke."

Apongozi anakuwa mpaka wometa wa khomo linalo anatulukira ndi lumo m'manja, akuyesa kwabuka moto. Mlamu uja anamukumbatira wometayo n'kumuzunguza.

"Kusesa?" anatero apongozi akupukuta misozi. "Mwana wanga uja sanagwirepo tsache chibadwire!"

"Ndikawaphunzitsa ndine," anayankha Telala, kuseka ndi kulira zitamugwira pamodzi. "Ayambira pabwalo panga."

Anathimitsa simbi, natseka zenera. Kenako analowa kuseri kwa katani, kumene mwana wake wamng'ono ankagona pamphasa. Bambo ake ankamangidwa iye akukwawa. Telala anamudzutsa, n'kumupukuta kumaso ndi nsalu yonyowa, namuveka nsapato.

"Lero sindikubereka kumsana," anamuuza. "Ukalowa pageti la ndende paja ukuyenda wekha, atate ako akuone."